Masingano a ku Chengdu ndi mutu wanga waching'alang'ala

Chibwerereni kuchokera ku China komwe ndinakachita maphunziro, funso limene azimayi anzanga amandifunsa kawirikawiri si la sukulu ayi. Amene ankandidziwa kale, nthawi ija ndinkadzitsekera m'chipinda chamdima nditamanga chitenje ndii kumutu, amafuna kudziwa kuti mutu uja unathera kuti. Abale anga, sunathe. Ukadalipo. Kungoti masiku ano umabwera mwa apo ndi apo, ndipo ukabwera sundigwetsanso pansi ngati kale. Pa zinthu zimene zinandifikitsa pamenepa, njira zochizira zachikhalidwe cha anthu a ku China zili ndi gawo lake. Gawo limenelo ndikufuna ndilifotokoze mmene lilili, osathira mchere, chifukwa munthu amene mutu ukumuzunza amagula chilichonse chimene wamva kuti chimachiza, ndipo ogulitsa amazidziwa bwino zimenezi.

Amene sanadwalepo mutu waching'alang'ala amauyesa litsipa wamba, lija limatha ukamwa madzi ndi kugona pang'ono. Wanga unayamba ndili ku sekondale. Umayamba ndi timizere tong'anima m'mphepete mwa diso, moti zilembo m'buku zimaduka pakati. Pakatha theka la ola, mbali imodzi ya mutu imayamba kugunda, phaa phaa, motsatana ndi mtima. Kenako nseru. Fungo la mafuta okazingira, kulira kwa wailesi ya aneba, kuwala kolowera pazenera, zonsezi zimasanduka adani. Madokotala amati mutu umenewu ukayamba umatha kukhala maola 4 mpaka 72, kuti umagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse padziko lapansi, ndiponso kuti akazi amaudwala kuwirikiza katatu poyerekeza ndi amuna. Kwa ine unkakonda kubwera msambo ukayandikira.

Kumudzi agogo anga ananditemera mphini m'mbali mwa mutu, pafupi ndi maso. Zipsera zake zikadalipo. Anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, poona mdzukulu akusanza mpaka ndulu, koma mutu sunamve. Nditakula ndinayamba kudalira mapilitsi a m'golosale. M'chikwama changa simunkasowa panado kapena aja osakaniza ndi kafeini.

Ku Chengdu zinthu zinanyanya. Mzinda umenewu ndi likulu la chigawo cha Sichuan, kumwera chakumadzulo kwa China, dera la mitambo ndi chinyezi, lomwe ndiwo zake amathira tsabola wosaneneka. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku Malawi, ndiye kuti ndiyankhule ndi ana atabwera kusukulu, ine ndinkagona usiku kwambiri. Chakudya cham'mawa ndinkachiphonya. Mutu unayamba kubwera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo masiku apakati ndinkadzuka ndi kalitsipa kolemera kosatha. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, mwana wa komweko, ndi amene anandigwira dzanja kupita nane kuchipatala cha mankhwala achikhalidwe.

Ndinkayembekezera kakanyumba ka nkhalamba yokhala ndi mabotolo a mizu. Chimene ndinapeza ndi chipatala cha nsanjika zambiri, chokhala ndi labotale, makina ojambulira m'mutu, ndi mzere wautali wa odwala ogwira makhadi. Ku China madokotala a mankhwala achikhalidwe amaphunzira ku yunivesite zaka 5, ndipo m'maphunziro awo mumakhalanso za thupi la munthu ndi mankhwala amakono. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene imasiyanitsa zimene ndinalandira ine ndi zimene zimagulitsidwa m'mabasi.

Dokotala amene anandiona anali mayi wachikulire. Anandiuza kuti nditsamiritse dzanja pa kapilo kakang'ono, nayika zala zitatu pa mtsempha wa pamkono, nakhala duu kwa kanthawi, kenako dzanja linalo. Anandiuza kuti nditulutse lilime, naliyang'anitsitsa mtundu wake ndi zoyera za pamwamba pake. Ndiyeno mafunso. Mumagona nthawi yanji? Mumadzuka pakati pa usiku? M'kamwa mumawawa m'mawa? Kuchimbudzi mumapita bwanji? Msambo umabwera ndi zibulumwa? Mumapsa mtima msanga? Mutu umawawa mbali iti, kutsogolo, m'mbali, pankhongo kapena paliwombo? Mnzanga uja ankamasulira, nthawi zina akuchita manyazi. Chiyambireni kudwala, palibe amene anali atandifunsapo zambiri chonchi. Atatha zimenezo anandiyeza kuthamanga kwa magazi, anandiunika m'maso ndi katochi, anandiuza kuti ndifinye zala zake ndi manja onse awiri, nanditumiza kokayezetsa magazi.

Anati mphamvu yotentha ya chiwindi, imene iwo amaitcha yang, inali kukwera kumutu. Mtima unandigunda, poganiza kuti andipeza ndi matenda a chiwindi, koma mnzanga anandikhazika mtima pansi. M'kaganizidwe kawo, chiwindi si nyama yokha ija timaidziwa. Ndi dzina la gulu la ntchito za m'thupi lokhudza mkwiyo, maso, msambo ndi kayendedwe ka mphamvu imene amaitcha qi. Amakhulupirira kuti qi imayenda m'tinjira ta m'thupi, ndipo pamene yatsekeka ndi pamene pamawawa. Ine maganizo anga ndi akuti tinjira timeneti ndi njira yawo yofotokozera zinthu, yochokera kalekale, osati chinthu chimene dokotala wa opaleshoni angachione atang'amba thupi. Koma mafunso aja anali enieni. Ankafunsa za tulo, njala, nkhawa ndi msambo, zomwe ndi zinthu zimene madokotala a ubongo nawonso amati zimadzutsa mutu waching'alang'ala.

Funso limene linasintha zinthu kwambiri silinali la qi. Anandifunsa kuti pa mwezi ndimamwa mapilitsi opha ululu masiku angati. Titawerengera, anapukusa mutu. Pali mtundu wa litsipa umene umabwera chifukwa cha mankhwala omwewo amene ukumwera litsipalo. Malire amene madokotala amagwiritsa ntchito ndi awa: kumwa panado, aspirin kapena ibuprofen masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kapena kumwa mapilitsi osakaniza, a codeine ndi a gulu la triptan masiku 10 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi yoposa 3. Kalitsipa kolemera ka m'mawa kaja kanali kameneka. Anandiuza mosapita m'mbali kuti ngati sindichepetsa mapilitsi, masingano ake sagwira ntchito. Masabata oyamba nditasiya anali owawa zedi, mutu unachita ngati ukulipsira, koma kenako m'mawa munayamba kupepuka. Ngati pali wina amene akumwa mapilitsi a mutu pafupifupi tsiku lililonse, ayambire pamenepa, ndipo achite zimenezi mothandizidwa ndi achipatala.

Tsopano za masingano, zimene pa Chingerezi amati acupuncture.

Chipinda chake chinali ndi mabedi ambiri olekanitsidwa ndi makatani, ndipo munkamveka fungo la utsi wa moxa, masamba ouma amene amawotcha pafupi ndi khungu la odwala ena pofuna kutenthetsa malo owawa. Ndinavula nsapato ndi kugona chagada. Dokotala anang'amba kapaketi katsopano ine ndikuona, napukuta khungu ndi thonje la spiriti. Singano wake ndi woonda kwambiri kuposa wa jakisoni, alibe bowo pakati, ndipo salowetsa mankhwala alionse m'thupi. Kubaya kwenikweniko sikupweteka kwambiri. Chimene chinandidzidzimutsa ndi pamene anaupotokola pang'ono ndi zala: ndinamva kulemera ndi kadzanzi kakuyenderera mkati mwa mnofu, mpaka ndinafuula kuti "mayo!" Iye anangomwetulira nagwedeza mutu, chifukwa kumva kumeneko, komwe amati deqi, ndi kumene amafuna.

Anabaya pa Fengchi, timaenje tiwiri ta pankhongo pamene khosi limakumana ndi chigaza. Anabaya pa Taiyang, m'mbali mwa mutu, pafupi penipeni ndi zipsera za agogo zija, ndipo ataziona anandifunsa kuti n'chiyani. Anabayanso pa Hegu, mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pa Baihui pamwamba pa mutu, ndi pa Taichong, pamwamba pa phazi pakati pa chala chachikulu ndi chinzake. Kenako anandifunditsa kansalu n'kundisiya kwa mphindi 20 mpaka 30. Ukagwedezeka umamva masingano akukukumbutsa kuti alipo, ndiye umangokhala phee. Nthawi zambiri ndinkagona tulo. Pozula sipankatuluka magazi, kupatula kadontho mwa apo ndi apo, ndipo tsiku lina padzanja panada pang'ono kwa masiku ochepa.

Nditawafotokozera amayi pafoni anati, "Mwana wanga, ndiye wauluka ulendo wonsewo kukatemeredwa?" Ndinawayankha kuti, "Ayi amayi, kuno sacheka, sapaka mankhwala pabala, ndipo singano akabaya munthu mmodzi amautaya." Nkhawa yawo inali yomveka. Ife takula tikumva za kuopsa kobwerekana malezala, ndipo lamulo lake ndi lomwelo pa masingano awa. Amene akufuna kukubayani ndi singano wosatuluka m'paketi yomata, dzukani muzipita.

Ndinkapita kangapo pa sabata. Masabata oyamba sindinaone kusintha kulikonse, moti ndinatsala pang'ono kusiya. Chimene chinandigwira ndi kope limene dokotala anandiuza kuti ndizilembamo: tsiku limene mutu wabwera, mphamvu yake, zimene ndinadya, nthawi imene ndinagona, tsiku la msambo, ndi mapilitsi amene ndamwa. Munthu ukakhala pa ululu umaona ngati masiku onse ndi oipa, koma kope silinama. Pofika mwezi wachiwiri, masamba opanda cholembapo anayamba kuchuluka. Mutu unkabwerabe pa msambo, koma wa pakati pa mwezi uja unachepa, ndipo kusanza kunatsala pang'ono kutheratu.

Pambuyo pake ndinafufuza kuti ndione ngati zimenezi zinangondichitikira ine ndekha. Mu 2016 bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 22 wokhudza anthu pafupifupi 5,000 odwala mutu waching'alang'ala. Mwa amene analandira masingano, 41 pa 100 alionse mutu wawo unachepa kubwera ndi theka, pamene mwa amene sanalandire anali 17 pa 100 okha. Koma pali mbali ina imene ogulitsa satchula. Atayerekeza masingano enieni ndi ongonamizira, obaya pang'ono chabe kapena pamalo ena, zotsatira zinali 50 pa 100 ndi 41 pa 100. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa. Ine ndimamva kuti gawo lina la phindu limachokera pa kugona phee theka la ola, kusamalidwa ndi munthu amene akukumvetsera, ndi chiyembekezo. Zimenezi sizindichititsa manyazi, pakuti chimene ndinkafuna ndi masiku ogwira ntchito ndi kuseka ndi anzanga, ndipo ndinawapeza. Ku Britain, bungwe la NICE lomwe limalangiza zipatala za boma limati madokotala atha kuganizira zopereka masingano mpaka maulendo 10 pa masabata 5 mpaka 8, ngati mankhwala oteteza monga topiramate ndi propranolol alephera kapena sakumuyenera wodwalayo. Onani kuti akuti oteteza. Masingano ntchito yake ndi kuchepetsa kubwera kwa mutu, ndipo manambala aja akusonyezanso kuti pafupifupi theka la anthu sapindula kwenikweni.

Za zitsamba ndiyankhula mosamala kwambiri.

Kumalo otengera mankhwala kunali khoma lonse la timadilowa ta matabwa, lililonse lolembedwa dzina. Ogwira ntchito ankayeza mizu, makungwa ndi maluwa pa tisikelo ta m'manja, kenako chipatala chinkaphika n'kukupatsa madzi ake akuda m'timapaketi ta pulasitiki toti uzitenthetsa m'madzi ofunda. Kuwawa kwake n'kosasimbika. Mwa zimene anandilembera munali chuanxiong, muzu wonunkhira kwambiri umene umalimidwa ku Sichuan komweko, ndipo ndi umene madokotala awo amaudalira pa nkhani za mutu. Munalinso tianma, gouteng ndi maluwa a juhua, amene anthu kumeneko amamwanso ngati tiyi. Ulendo uliwonse dokotala ankandigwiranso mtsempha, kuona lilime, n'kuchotsa china kapena kuwonjezera china. Patapita masabata angapo m'mimba munayamba kundivuta, ndipo iye mwini anati tisiye zitsamba tipitirize masingano okha. Mutu unapitirizabe kuchepa popanda zitsambazo.

Chitsamba ndi mankhwala, ndipo chimene chili ndi mphamvu yochiza chili ndi mphamvu yovulazanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Belgium, azimayi oposa 100 anaonongeka impso atamwa mapilitsi ochepetsa thupi momwe munalowa chitsamba cha Aristolochia m'malo mwa china cha dzina lofanana nalo. Ena mwa iwo anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Muzu wotsekemera wa gancao, umene umapezeka m'misakanizo yambiri kuphatikizapo wotchuka wa mutu wotchedwa Chuanxiong Chatiao San, umakweza kuthamanga kwa magazi ukamwedwa nthawi yaitali. Danshen ndi danggui zimawonjezera mphamvu ya warfarin, mankhwala osungunula magazi, moti munthu atha kutaya magazi. Chuanxiong yemweyo madokotala a ku China amapewa kumupereka kwa mayi woyembekezera. Ndipo inu amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a shuga, a khunyu kapena a BP, musamwe chitsamba chilichonse musanawaonetse a dokotala anu.

Sindikunyoza mankhwala a ku China. LA amene timamwa tikadwala malungo anachokera komweko: mayi wina wasayansi, Tu Youyou, anapeza artemisinin m'chitsamba cha qinghao atawerenga zolemba zakale za asing'anga a kwawo, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Koma chitsambacho chisanafike pa sikelo ya ana kwathu kuno, chinadutsa m'labotale, chinayezedwa mlingo, chinayesedwa pa odwala. Zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi tiyi ndi makapisozi amene amalengezedwa pa WhatsApp ndi m'maminibasi kuti ndi a ku China ndipo amachiza mutu, shuga, kusabereka ndi nyamakazi nthawi imodzi. Dokotala wanga uja sankapereka msakanizo umodzi kwa anthu awiri osawaona, ndiye botolo limodzi lingachize bwanji mudzi wonse? Ku Malawi bungwe loona za mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo muli ndi ufulu wofunsa wogulitsa ngati katundu wake analembetsedwa kumeneko. Abale amene muli ku Joni, obaya masingano ndi madokotala a mankhwala achitchaina amayenera kukhala m'kaundula wa Allied Health Professions Council of South Africa. Amene muli ku Britain mutha kufufuza dzina la munthuyo ku British Acupuncture Council.

Panopa sindibayitsanso kawirikawiri, koma pali zimene ndinatengako zosafuna ndalama. Ndikangomva khosi likuyamba kuuma, ndimakhala pansi, n'kuika zala zazikulu m'timaenje ta pankhongo tija, n'kusindikiza mozunguliza kwa mphindi ziwiri kapena zitatu ndikupuma pang'onopang'ono. Kenako ndimatsina mnofu wa Hegu padzanja lililonse mpaka ndimve kulemera kuja. Pa litsipa la kutopa zimandithandiza ndithu. Pa waching'alang'ala weniweni zimangofewetsako pang'ono, ndipo sindidikira: timizere tija tikangotha, mutu n'kuyamba, ndimamwa mankhwala amene a dokotala anandilembera nthawi yomweyo, chifukwa akachedwa m'mimba mumakhala mutaima kale ndipo sagwira bwino. Amayi oyembekezera, malo a Hegu aja muwasiye, pakuti ngakhale eni ake amawaletsa pa nthawi ya pakati.

China chimene anthu a ku China anandiphunzitsa ndi kulemekeza nthawi. Iwo nthawi ya nkhomaliro ikakwana amasiya zonse n'kukadya, ndipo ambiri amagonako pang'ono masana. Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala sufuna kudzidzimutsidwa. Umafuna kugona ndi kudzuka nthawi yofanana, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kudya pa nthawi yake, ndi madzi okwanira. Ndimayenda ndi botolo la madzi ofunda ngati mmene amachitira iwo. Phala la m'mawa sindiliphonya. Pa nthawi ya kusala kudya kutchalitchi ndinakambirana ndi abusa, ndipo ndimasala m'njira ina, chifukwa kope langa linaonetsa poyera kuti njala ndi imene imaudzutsa msanga kuposa china chilichonse. Wanu mwina umadzutsidwa ndi dzuwa, mowa, fungo la perefyumu kapena kugona mopitirira. Kope wamba lingakuuzeni zimenezo bwino kuposa ine.

Ngati mutu ukukugwetsani kangapo pa mwezi ndipo kumene muli kulibe wobaya masingano wodalirika, musataye mtima. Funsani kuchipatala za mankhwala oteteza monga propranolol kapena amitriptyline, omwe ndi akale, otsika mtengo, ndipo amathandiza anthu ambiri. Azimayi amene mumaona timizere tong'anima kapena kuchita dzanzi mutu usanayambe, muwauze zimenezi a zakulera, chifukwa mapilitsi olera okhala ndi estrogen amawonjezera chiopsezo cha sitiroko kwa anthu ngati ife, ndipo njira zina zilipo.

Pali mutu wina umene sufuna singano, chitsamba kapena kutsina padzanja, koma chipatala tsiku lomwelo. Mutu wobwera mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo chibadwire. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, umene kwathu kuno uyenera kuyezedwa malungo msanga, makamaka ngati khosi laumanso kapena munthu akubwebweta. Mutu wobwera ndi kufooka kwa mkono kapena mwendo, kupotoka kwa pakamwa, kulephera kuyankhula kapena kukomoka. Mutu woyamba munthu atamenyetsa mutu pa ngozi, woyamba kumene munthu atapitirira zaka 50, kapena wokulirakulira tsiku ndi tsiku mwa munthu amene ali ndi HIV, pakuti ukhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Ndipo mayi woyembekezera akamva mutu waukulu, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zikutupa, anyamulidwe kupita kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.